Phazi la Kumanzere

Katowo, Rumphi
14 Meyi 2023

Wokondedwa mwana wanga Isabella,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji ku Italy kumeneko? Kuno tadzuka, kungoti chisanu chayamba msanga, mphepo ya ku Nyika ikutsika ngati tili kale mu Juni. Chimanga takolola. Achimwene ako Overton ali pikitipikiti kututa fodya wa anthu ndi pikapu yawo, amachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa. Mlamu wako Nelly ali bwino, ndipo mwana wawo Mtende wayamba kuwerenga yekha zolemba za pa paketi ya shuga.

Ukudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni umangoti "mwadya?", netiweki n'kuduka. Komanso nkhani ndili nayoyi sindingaitulutse pakamwa. Nelly ajambula pepalali ndi foni yake n'kukutumizira.

Bambo ako akumabwera pakhomo pano.

Usaseke. Ndinachoka ku Dedza ndili mtsikana kudzaphunzitsa ana kuno, ndakalambira m'kalasi, ndine wa Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, ndipo zimene Mawu amanena za akufa ndikuzidziwa. Dothi pabokosi lawo ndinaponya ndi dzanja langali. Koma kuyambira mu Malichi, m'bandakucha uliwonse ndimamva mapazi awo akudutsa kuseri kwa zenera langa. Ukukumbukira mmene ankayendera matenda atangowayamba, asanagwire ndodo? Phazi lamanja limaponda bwinobwino, lamanzere limakhwekhwereza chala pansi, kenako n'kugwa lonse. Khwee, phwa. Khwee, phwa. Kuyenda kumeneko ndinagona nako ndi kudzuka nako zaka zambiri, sindingakusokoneze ndi kwa munthu wina.

Kukacha ndimatuluka ndi tsache. Pafumbi pamakhala mzere kenako phazi, mzere kenako phazi, kuchokera kuseri mpaka pa mtengo wa mapeyala pamene Overton amaimika galimoto. Ndikuganiza kuti amabwera kudzaona mwana wawo akunyamuka, paja msewu umenewu ankauopa. Ndimasesa msanga anthu asanaone.

Abusa sindinawauze. Iwe waphunzira za ubongo ndi mitsempha, tandiuza mosabisa: kodi mutu wanga wayamba kusokonekera? Nanga ngati ndi mutu, mzerewo akulemba ndani?

Amayi a ku Umanyano akufunsa za mankhwala aja ukupanga a matenda a bambo ako. Ndimawauza kuti atsala pang'ono. Ukapeza kangachepe unditumizire, magalasi anga athyoka mwendo, ndawamanga ndi ulusi.

Ndine mayi ako,
Rahab Chirambo


Katowo
14 Meyi 2023

Monire alamu,

Pepani Chichewa changa cha ku Mlowe. Kalata ya amama ndaiwerenga pojambula, mundikhululukire, maso anangogwerapo.

Si adada ayi. Ndi achimwene anu.

Zinayamba chaka chatha, patapata wa kumanzere ankangovuka yekha. Masana amavala jombo zomanga zingwe mpaka pamwamba pa akakolo, ndipo akaona munthu amanyamula bondo ngati msilikali. Koma m'mawa popita kukathira madzi m'galimoto amapita ndi mapatapata, poti palibe akuwaona. Mwendo kumunsi kwa bondo waonda ngati wa mwana. Lamulungu lapitali akumvera mpira pawailesi ndinawabaya dala ndi singano pa chala chachikulu. Sanatembenuke n'komwe.

Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Koma alamu, phazi limenelo ndi limene amapondera kilatchi, ndipo pikapu ija imanyamula anthu mpaka pamwamba pa mabelo. Ine adada sindinawaone akuyenda, ndinakwatiwa ali kale pa njinga ya olumala. Inu munaona chiyambi chake. Ndi chomwechi?

Nanga amama ndiwauze bwanji? Masiku ano nkhope yawo ikuwala m'mawa, zimene sindinazionepo chimwalirire adada.

Yewo chomene.
Mlamu wanu,
Nelly


Italy
20 Meyi 2023

Achimwene,

Muli bwanji ndi mwana Mtende? Foni yanga simukuyankha, ndiye ndachita kulemba.

Za phazi ndamva. Nelly musamukalipire, wachita zimenezi chifukwa akukuopererani.

Ndikukumbukira tsiku limene adada anagwa pa masitepe a tchalitchi atanyamula mabuku a kwaya. Anadzuka akuseka, amvekere nsapato yakula. Inu munaseka nawo, ine ndinatola mabuku. Zimene Nelly wandifotokozera ndi zomwe zija, achimwene: patapata wovuka, mwendo woonda kumunsi, chala chosamva. Matenda amenewa amayenda m'banja. Mwana wa adada angawatenge, angapulumuke. Sindine dokotala woona odwala, ndipo ndingasangalale kwambiri mutadzanditsutsa, koma sindikuganiza kuti ndalakwitsa.

Ndikupemphani zinthu ziwiri. Chiwongolero mupatse munthu wina. Lero vuto lili pa kilatchi, koma matendawa sakhala phazi limodzi, ndipo lamanja ndi la buleki. Chachiwiri, mupite mukaonane ndi dokotala wa mitsempha ku Blantyre. Za ulendo ndiona ine.

Palinso amama. M'mawa uliwonse akusesa mapazi anu poganiza kuti ndi a mwamuna wawo. Andifunsa ngati mutu wawo uli bwino, ndawayankha pafoni kuti uli bwino, n'kusiyira pomwepo, chifukwa zotsalazo si zanga kunena. Muwauze inuyo asanazione okha.

Mlongo wanu,
Isabella


Bolero
9 Juni 2023

Isabella,

Moni wautali ndilibe, ndikulembera pa boneti ndikudikira kuti galimoto idzaze.

Phazi langa ndinavulala pa mpira kalekale. Ndiwe dokotala wa mtundu wanji woyeza munthu uli kutsidya kwa nyanja, kudzera m'kamwa mwa mkazi wake? Nelly wapita kwawo ku Mlowe, akapumeko kaye. Mtende watsala chifukwa cha sukulu.

Ukuti ndisiye galimoto. Pakhomo pano akudyetsa ndani? Adada atakhala pansi ndinasiya sukulu ine kuti iwe upitirize. Ndinawasambitsa, ndinawabereka kumbuyo kupita nawo kuchimbudzi, iwe uli kusukulu yogonera komweko. Matenda amenewo ndikuwadziwa mpaka fungo lake. Usandiphunzitse, ndipo usawatchulenso pa dzina langa. Chilandirire kalata yako phazi lalemera kuposa kale.

Koma tiyerekeze kuti ukunena zoona. Tiyerekeze chabe. Zaka zonsezi amama akhala akulengeza kutchalitchi kuti ukupanga mankhwala. Ali kuti? Ngati alipo, kaya ndi oyesera pa makoswe, tumiza. Ine sindiopa.

Amama usawauze kanthu. Masiku ano akudya bwino, posesa akuimba. Ukuganiza kuti sindikudziwa zimene akuganiza? Tsiku lina ndinazungulira mbali ya ku khola kuti asandimve. Mtende akuti agogo anakhala pakhonde tsiku lonse, chakudya osachikhudza. Ndiye ndimadutsa pazenera pomwepo.

Overton


Katowo
6 Ogasiti 2023

Isabella,

Ndikhulupirira uli bwino. Magalasi ndinagula, zikomo. Nelly kulibe, ndiye pepalali ajambula Anne wa pa golosale. Kaya awerenga, awerenge. Chobisa chinatha.

Utandiuza pafoni kuti mutu wanga uli bwino, ndinalimba mtima ndipo ndinayamba kuwalankhula. Mapazi aja akafika pazenera ndinkati, "A Chirambo, mwadzuka bwanji?" Mapazi ankaima. Ndinkawauza za mitengo ya feteleza, za amene amwalira mumpingo, za malata akudontha pamwamba pa bedi. Ndikamaliza, khwee, phwa, n'kumapita. Loweruka lake Overton anakwera padenga n'kumata malata aja ine osamuuza. Ndinagwada n'kuthokoza Mulungu. Katani sindinkaitsegula. Ndinkaopa kuti ndikayang'ana sadzabweranso.

Lachiwiri lapitali mapazi anabwera monga mwa masiku onse. Ndisanapereke moni ndinamva chidebe chikugubuduka, kenako thupi, khu, pansi. Ndinaiwala mantha, ndinangoti agwanso, n'kutsegula zenera.

Anali atagwada m'matope a madzi otayika aja, dzanja limodzi atagwira khoma, akuyesa kukoka mwendo kuti aime. Patapata anali atatsalira kumbuyo. Kagwiridwe ka khoma kanali ka bambo ako, kapendekedwe ka khosi kanali ka bambo ako. Atadzutsa mutu, anali mwana wanga.

"Amama, tsekani, kukuzizira," anatero.

Ndinati, "Unayamba liti?"

"Ndangoterereka."

"Ndati unayamba liti?"

Anati chaka chatha.

"Ndiye masiku onsewa ndimalankhula ndi iwe?"

"Eya, amama."

"Zonse zija unamva?"

"Zonse."

Isabella, pali zinthu zimene mkazi amauza mwamuna wake zimene mwana sayenera kumva. Ndinazinena pazenera paja. Iye ankaima m'chisanu n'kumamvetsera, ali ndi chidebe m'manja.

Ndinatuluka, ndinamudzutsa monga ndinkadzutsira bambo ako, mkono wake pakhosi panga. Thupi langa silinaiwale. Anasintha buluku, anamanga jombo zake, n'kuliza galimoto. Ndinaima kutsogolo kwake. Anabwerera m'mbuyo n'kutulukira mbali ya ku khola.

Tsiku limenelo sindinasese. Ndinakhala pansi n'kumayang'ana mzere uja mpaka nkhuku zinaufafaniza. Bambo ako ndawaika kawiri.

Iwe unadziwa, Nelly anadziwa, nonse munandisiya ndikucheza ndi khoma. Zimenezo tidzakambirana. Mawa ndikwera galimoto kupita ku Mlowe kukatenga mkamwana wanga Nelly, chifukwa iye yekha ndi amene ananena zoona kwa munthu.

Tsopano mankhwala aja. Sindikufunsiranso amayi a Umanyano. Ndikufunsira mwana wanga.

Mayi ako


Italy
19 Ogasiti 2023

Amama ndi achimwene,

Ndikupatsani moni nonse awiri m'kalata imodzi, poti funso lanu ndi limodzi. Ndachedwa kuyankha chifukwa yankho lake ndi lowawa. Mankhwala palibe. Ine sindipanga mankhwala. Ndikabwera kutchuthi ndimanena, koma amama mumati ndisadzichepetse, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero mundilole ndifotokoze mpaka kumapeto.

Ndimagwira ntchito ndi mbululu, ana a achule amene timawaona m'zithaphwi nthawi ya dzinja. Ndimatenga kachidutswa ka diso la mbululu ikadali yaing'ono kwambiri, n'kukaika m'kambale kagalasi, n'kumaonera pa makina okulitsa zinthu mmene mitsempha yake ikumerera.

Mtsempha wonyamula mauthenga m'thupi ndi selo, kanthu kamoyo kosaoneka ndi maso, koma kali ndi mchira wautali ngati ulusi. Mchira umenewo timautcha akisoni. Mwa munthu, wautali kwambiri umachokera m'munsi mwa msana mpaka kuphazi. Malangizo onse a selo amakhala kumutu kwake, kumsana kuja. Nsonga ya mchira ili kutali, singamadikire kuti chilichonse chichokere kumutu. Choncho imasunga makope a malangizo ena, n'kumadzipangira yokha mapuloteni, amene ndi zomangira zake, pamalo pomwepo.

Funso limene ndimafufuza ndi ili: chimailetsa n'chiyani nsongayo kupanga zonse nthawi imodzi? Pali tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maikoro-RNA, timene ntchito yake ndi kutseka pakamwa malangizo ena. Timanyamuka kumutu kuja tisanakhwime, titapindidwa pawiri, n'kukwera pa timatumba timene timayenda mumchiramo. Tikafika kunsonga timangokhala, osachita kanthu. Nsonga ikakumana ndi chizindikiro chakuti kuno si njira, pamenepo m'pamene timadulidwa, n'kuyamba ntchito, n'kuletsa kupangidwa kwa puloteni inayake. Nsonga imabwerera pang'ono, n'kukhota, n'kupeza kolowera. Ndimatipaka utoto wowala, ndiye ndimationa ndithu: timadontho tobiriwira tikuyenda, kuima, kubwerera, kupitanso. Ndikatitsekereza, mitsempha ina imasochera.

Ofufuza ena anapeza kuti m'mabanja ena okhala ndi matenda onga a adada, vuto limakhala pa timatumba ta mtundu womwewu. Nsonga zakutali zimalephera kudzisamalira, n'kuyamba kufota kuchokera kumapeto. N'chifukwa chake zimayambira kuzala. Koma matendawa ali mitundu yambirimbiri, ndipo wa kwathu sindikuudziwa. Kuchoka pa mbululu zanga kukafika pa mankhwala ndi ulendo umene mwina ine sindidzaona mathero ake.

Zimene zilipo lero ndi izi: pulasitiki wochirikiza phazi kuti lisamagwe, mafizo olimbitsa miyendo, ndi kusamala zilonda. Adada zimenezi sanazipeze nthawi yabwino. Achimwene angayende zaka zambiri. Komanso malovu awo angayezedwe kuno kuti tidziwe mtundu wake. Tikaudziwa, Mtende ndi ine tingayezedwenso.

Amama, mwakwiya ndipo muli ndi chifukwa. Pepani. Chilandirire kalata yanu, ndikakhala m'chipinda chamdima cha makina okulitsa aja n'kuona ulusi wina ukufota kunsonga, ndimapezeka ndikugwedeza zala zanga m'nsapato, chimodzichimodzi.

Achimwene, galimoto ija.

Isabella


Katowo
22 Okutobala 2023

Monire alamu,

Musachite mantha, palibe wamwalira. Ndayamba ndi zimenezo kuti muwerenge bwino zotsalazo.

Ndinabwerera mu Ogasiti, amama atadzanditenga okha. Kalata yanu ya mbululu achimwene anu anaimva amama akuwerenga, anangoti, "Ndiye kuti zaka zonsezi akuweta achule," n'kutuluka. Galimoto sanasiye. Amama anabisa makiyi, iwo anali ndi ena.

Lachisanu anachoka ku boma atanyamula matumba a feteleza ndi anthu pamwamba. Atadutsa Bolero, pa chitunda china, anafuna kusintha giya. Phazi linaterereka pa kilatchi, injini n'kuzima, galimoto n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Akuti anaponda buleki, koma samamva ngati phazi lamanja lili pamalo pake, mpaka anachita kuwerama kuti aliyang'ane. Handibuleki inafa kalekale. Amock, kondakitala wawo, analumpha n'kuponya mwala kutayala, tayala n'kuudumpha. Galimoto inakalowa m'ngalande n'kugona chammbali.

Mayi wina wa ku Hewe wathyoka mkono. Khanda lake linafwamphuka kumsana n'kukagwera pakati pa matumba, osakalika pena paliponse. Amock akuti pamene anthu amamanga mkono wa mayi uja ndi chitenje, achimwene anu anakhala m'mbali mwa msewu atanyamula khandalo, likulira, iwo akungoliyang'ana. Anthu ankati mabuleki, mabuleki, magalimoto akalewa. Wapolisi atafika anafunsanso za mabuleki omwewo.

Iwo anati, "Bwana, buleki ilibe vuto. Ndi mapazi angawa."

Amock anawakoka malaya kuti akhale chete. Koma iwo anabwerezanso.

Anafika kunyumba Loweruka. Amama anali pakhonde akusankha nyemba. Achimwene anu anaika makiyi onse m'lichero momwemo, pamwamba pa nyemba, n'kulowa m'nyumba. Amama anachotsa makiyiwo n'kundipatsa ine, n'kupitiriza kusankha.

Lero titachoka kukaona mayi uja kuchipatala, achimwene anu andiuza kuti, "Lembera Isabella. Umufunse za ku Blantyre kuja."

Ndiye ndafunsa.

Yewo,
Nelly


Katowo
28 Januwale 2024

Mlongo wanga Isabella,

Uli bwanji? Kuno mvula ikugwa bwino, chimanga chafika m'chiuno. Mayi wa mkono uja anachira, ngakhale kuti sungawongoke bwino. Ndimamutumizira Amock kukamuthandiza kumunda. Nkhani ya kupolisi inatha, laisensi ndinapereka ndekha.

Ku Blantyre tinapita ndi Nelly. Dokotala anandigogoda ndi kanyundo, kenako anatenga kachitsulo konjenjemera n'kukaika pachala. Anati ndikamva ndinene. Pachala zii. Pakakolo zii. Ndinadzamva kafika pafupi ndi bondo. Mwendo wamanja chimodzimodzi, kungoti pang'ono. Wanena zomwe unanena iwe. Manja akadali bwino, mabatani ndikumanga ndekha.

Ndikuuze china chimene sindinauze amama. Tikuyenda mu Limbe ndinaona adada akubwera kutsogolo kwanga, atavala jekete yabulauni, akunyamula bondo mmene ankachitira. Ndinatsala pang'ono kuvula chipewa. Linali galasi la sitolo ya mipando. Jekete ija ndi yawo yomwe ija, ndinaivala poti ndimapita kwa dokotala.

Pulasitiki uja anandipangira miyendo yonse. Amatentha, amatupitsa, koma phazi silikugwanso. Pikapu ikuyenda ndi dalaivala wina, ine ndatsegula kabenchi pa msika, ndikukonza njinga ndi njinga zamoto. Anthu ena amabwera kudzaona miyendo yanga osati kudzakonzetsa, koma pochoka amapopetsa matayala.

Kalata yako ya mbululu ndinaitenga kwa amama, ndaiwerenga kangapo pabenchi. Mmene ndamvera ine, timatumba tako tija ndi matola, ndipo kwa ife a Chirambo safika kumapeto kwa msewu. Zikanakhala za galimoto ndikanagona pansi pake n'kuona pamene pavuta. Iwe ndiye wagona pansi pake. Usadzuke. Mawu amene ndinakulembera ku Bolero aja uwataye.

Kabotolo kako ndalavuliramo ndipo ndatumiza monga unanenera. Koma za Mtende ayi. Tagwirizana ndi Nelly. Akadzakula adzasankha yekha. Pakali pano akuthamanga, akusewera fulaye mpaka kuiwala kudya, ndipo sindikufuna kumamuyang'ana ndikudziwa kanthu kamene iye sakudziwa.

Nanga iwe, udzayezetsa?

Achimwene ako,
Overton


Katowo
17 Malichi 2024

Wokondedwa Isabella,

Moni wa Ambuye ukhale nawe. Tonse tili bwino. Dzungu layamba kupsa, ndipo Nelly ndi woyembekezera, anandiuza yekha sabata yatha. Ndinamukumbatira, ndinaseka, kenako ndinapita kuseri kwa nkhokwe. Iwe ukudziwa chifukwa chake.

Zoti zotsatira za malovu a achimwene ako zichedwa ndamva. Tidikira. Kudikira ndinakuphunzira.

Ku Umanyano ndinaimirira n'kuwauza kuti mankhwala kulibe, mwana wanga amafufuza mitsempha ya m'maso mwa mbululu. NyaMsiska anaseka mpaka kugwira m'mimba. Nditawafotokozera za nsonga yakutali imene imadzipangira zomangira zake, anasiya kuseka, n'kunena kuti nawonso amuna awo zala sizikumva chifukwa cha shuga, kodi n'zimodzi? Ndinati ndikufunsa. Anakupempherera, iwe ndi achule ako.

Mkwiyo uja unatha. Ndinaufunafuna tsiku lina kuti ndikulembere nawo kalata, osaupeza.

Koma ndagwidwa ndi chizolowezi choipa. Sindikuonanso nkhope za anthu. Kutchalitchi anthu akamapita kukapereka chopereka, ine maso ali pa mapazi awo. Ana akamatuluka kusukulu ndimaima pampanda ngati ndikuthyola masamba. Mtende wanga ndimamuzindikira ali patali, ndipo ndimamuyang'ana kuyambira pa mlatho mpaka alowe pachipata.

Lachinayi anafika bondo likutuluka magazi, yunifolomu ili matope. Ndinati wachita chiyani. Anati wagwa. Ndinati wagwa bwanji. Anati wapunthwa pamwala, pa kanjira ka kuseri kwa chigayo. Ndinamufunsa phazi liti. Anandiyang'ana ngati ndapenga, amvekere, "Agogo, munthu akamagwa amaona phazi?" Nelly anali pakhomo la khitchini ndi mpeni wa masamba m'manja, osadula kanthu.

Ndinamutsuka bala, ndinamupatsa chimanga chowotcha, n'kunena kuti ndikupita kwa Anne kukagula mchere. Ndinapita kukafuna mwalawo. Ndinapeza pamene anagwera, chizindikiro cha bondo chinalipo m'matope, ndi timanja tiwiri. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyang'ana. Isabella, kanjira kaja ndi miyala yokhayokha. Mvula yakokolola dothi lonse. Aliyense angagwe pamenepo. Ndinagwada n'kumaigwira umodziumodzi, kufuna woti wagwedezeka kumene. Mwini chigayo anatuluka n'kufunsa ngati ndataya ndalama. Ndinati eya. Anandithandiza kufunafuna.

Achimwene ako akuti funso lawo lomaliza sunawayankhe. Pafoni umakamba za chipale chofewa cha kumapiri ndi za msonkhano umene ukalankhuleko. Sindikukakamiza. Kaya uyezetsa kaya ayi, thupi ndi lako, ndipo ndiwe wamkulu.

Changa ndi chimodzi. Zithunzi zimene umatumiza zonse ndi za m'mapewa kupita kumwamba. Nelly akuti foni imajambula munthu akuyenda. Upemphe mnzako wa kuntchito aime kumapeto kwa khonde, iwe uchokere patali kubwera kwa iye. Usavale jombo. Uvale mapatapata, uyende mmene umayendera pamene palibe akukuona, ndipo foniyo ailozetse pansi. Nkhope yako ndikuidziwa.

Ndine mayi ako,
Rahab Chirambo